Chisamani cha Esinati

Makomo anayi tinagogoda. Kuchipatala, kupolisi, kwa ankhoswe, kukhoti. Masiku asanu ndi anayi tili pamsewu, ine ndi mng'ono wanga Esinati, dzanja lake lili lende pansalu. Paliponse ankatiuza kuti pitani uko. Tikafika ukoko, akuti pitani uko. Ndipo pomaliza amene anatithandizayo ndi amene anatipweteka koposa onse.

Nkhaniyi yandikhala pakhosi zaka zambiri. Inachitika nthawi ya chipani chimodzi, pamene kudandaula za ofesi ya boma kunali kudziitanira galimoto pakhomo. Tinameza. Lero ndakalamba, ntchito ndinapuma kalekale, palibe chimene munthu angandilande. Ndinena. Maofesiwo sinditchula pamene anali, eni ake akudzidziwa.

Ine ndinali mphunzitsi wa Sitandade 3 pasukulu ina kufupi ndi Kasakula. Esinati anakwatiwa chitengwa, mwamuna anamutenga kupita naye kwawo, kumapiri a mbali ya ku Nachisaka. Mwamunayo dzina lake Lameki. Mchikumbe wodziwika, zigafa zitatu za fodya, ngolo, wailesi, satifiketi ya ulimi ili pakhoma. Kutchalitchi ankakhala benchi ya kutsogolo. Pamene ankakwatira, anthu ankati Esinati watola mwayi.

Lolemba, 7 koloko m'mawa, ana ali pamzere panja, ndinaona mayi wina atatsamira mtengo kuseri kwa kalasi yanga. Atafunda chitenje kumutu ngati wapamaliro. Sindinamuzindikire. Mwana amene ndinamubereka kumsana ali khanda, sindinamuzindikire. Mlomo utatupa, tsaya lili bii, dzanja lamanzere likungolendewera.

"Achemwali," anatero, "ndabwera."

Mlandu wake mukuudziwa? Posankha fodya anaika masamba angapo ofiira pamulu wa oyera. Basi. Lameki anasolola mkangala, ndodo yopachikira fodya ija, n'kuyamba kumumenya pamaso pa aganyu. Esinati anatchinga kumutu ndi dzanja, dzanjalo n'kuthyoka. Sikanali koyamba. Anandiululira tsiku limenelo kuti zaka zitatu zonse zimene ankati wagwa kuchitsime, wagundidwa ndi ng'ombe, wapunthwa pachitsa, ng'ombeyo inali Lameki. Anathawa mbandakucha, kusiya ana awiri aakazi ali mtulo, Rozina wa zaka zinayi ndi mng'ono wake wongoleka kuyamwa.

Ndinapempha ahedi, anandilola. Pofika 10 koloko tinali pachipata cha chipatala chaching'ono cha kwathuko. Pachipata panali amuna awiri a chipani, a malaya ofiira.

"Khadi."

Langa ndinali nalo, mphunzitsi sungayende wopanda khadi la chipani. La Esinati linali m'bokosi la Lameki, lokhoma, kiyi ali m'thumba la mwini wake. Ndinawafotokozera. Ndinati taonani munthuyu mmene alili. Mmodzi anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kunena kuti, "Ndiye boma likuchizeni inu musakulidziwa?" Ndinagula khadi lina pomwepo. Munthu wothawa imfa mbandakucha akanayamba wagogoda kuti, pepani bambo, tanditsegulireni bokosi nditenge khadi?

Tinakhala pamzere mpaka 1 koloko. Titalowa, adokotala anayang'ana dzanja ali chapatali, n'kufunsa kuti, "Mwagwa?"

Esinati, mwa chizolowezi chake, anayamba kugwedeza mutu kuvomera. Ine ndinalumphira. "Sanagwe ayi. Wamenyedwa ndi amuna ake."

Adokotala anaika cholembera pansi. Anapumira m'mwamba ngati ndawaonongera tsiku. Akuti, "Mayi, mukananena kuti wagwa, ndikanamumanga dzanjali pompano. Koma poti mwati kumenyedwa, imeneyo ndi nkhani ya apolisi. Popanda kalata yawo sindingagwire."

Ndinati ndiye tibweze mawu, tinene kuti wagwa. Akuti ayi, ndamva kale. Anatipatsa maasipulini m'kapepala, n'kuitana wotsatira. Ndiye kuti pachipatala chimenecho wabodza ankachira, wonena zoona n'kubwerera ndi fupa lake lothyoka. Ine amene ndinkakwapula ana chifukwa cha bodza, tsiku limenelo ndinadzitukwana chifukwa cholankhula zoona.

Lachiwiri tinakwera basi ya 6 koloko, imodzi yomweyo ya patsiku, kupita ku boma. Inali nyengo yozizira, msewu uli fumbi ndi mabampu okhaokha. Bampu lililonse Esinati ankaluma chitenje kuti asakuwe. Tinafika kupolisi 11 koloko.

Pakauntala panali wapolisi wonenepa akusenda nzimbe ndi mpeni. Anatsegula buku lalikulu, n'kunyambita chala.

"Wakumenyani ndani?"

"Amuna anga," anayankha Esinati, mawu ali pansi.

Buku lija linatsekedwa, phaa.

"Mayi, kuno timagwira akuba ndi zigawenga. Za kuchipinda si zathu." Kenako anamuweramira ngati akumufunira zabwino. "Nanga inuyo munawalakwira chiyani? Munthu sangangodzuka n'kuyamba kumenya mkazi wake."

Mnzake amene anakhala pakona anaseka, akuti kamodzikamodzi ndi mankhwala a banja. Mankhwala! Dzanja lili ngati mwendo wothyoka wa mbuzi, iye akuti mankhwala.

Ndinati chabwino, musamugwire Lamekiyo, tingopempha kalata ya kuchipatala. Akuti kalata amapereka ankhoswe akalephera. Abwere ankhoswe a mbali zonse ziwiri, anene ndi pakamwa pawo kuti ife talephera, pamenepo kalata ituluka. Ndinafunsa kuti kodi fupa lidikira ankhoswe? Ndinakweza mawu, sindikana. Ndinati lamulo limenelo lalembedwa pati, ndikufuna ndiliwerenge.

Wapolisi uja anasiya nzimbe. Anandiyang'ana nthawi yaitali.

"Mwati ndinu mphunzitsi? Wa boma? Ndiye mwabwera kudzaphunzitsa boma ntchito? Dzina lanu ndani, mayi? Sukulu yanu ndi iti?"

Anatsegulanso buku lomwe lija. Buku limene linakana dzina la womenya, linatsegukira dzina langa. Ndinati pepani bwana, ndalankhula ndi chisoni. Ndinapepesa, ine, kawiri, nditapinda mawondo. Mpaka lero ndikakumbuka ndimamva manyazi ndi mkwiyo pamodzi.

Dzanja lija anadzalimanga bambo wina wa m'mudzi mwathu amene ankamanga miyendo ya ng'ombe. Anaikapo nsungwi ziwiri, n'kumanga ndi luzi. Sanafunse khadi, sanafunse kalata.

Tsono za ankhoswe. Nkhoswe ya kwathu anali achimwene athu a Jailosi. Iwowo ndi amene anaimira banja lathu tsiku la chinkhoswe. Koma a Jailosi anapita ku Halale kukafuna ntchito, zaka zisanu ndi chimodzi zinali zitatha, kalata ngakhale imodzi. Anatchona. Bambo athu anali atamwalira, amalume nawonso. Mayi athu anali okalamba, osaona bwino. Kunatsala ine.

Nkhoswe ya kuchimuna anali a Zakeyu, amalume ake a Lameki, telala wa pakhonde la sitolo. Lachinayi nditaweruka tinawapeza akusoka yunifomu ya mwana wasukulu. Anatipatsa moni bwinobwino, phazi lili pamakina. Nthawi yonse imene ndinkafotokoza, makina sanaime.

"Nkhaniyi ndaimva," anatero. "Ndi yomvetsa chisoni ndithu. Koma aphunzitsi, mwambo mukuudziwa. Nkhoswe imodzi sikhala pansi. Ine ndinasinthana nkhuku ndi a Jailosi. Abwere a Jailosi, tikambirane."

Ndinati a Jailosi ali ku Halale, ngati ali moyo n'komwe. Ndaima ine m'malo mwawo.

Anaseka pang'ono. "Inu tsiku lija munali kophikira, mukutunga madzi. Nkhuku simunaigwire."

"Ndiye titani, bambo? Halale ndi kuseri kwa nyumba?"

Anadula ulusi ndi mano. Akuti malangizo awo ndi akuti mwanayu abwerere kunyumba, mkwiyo wa mwamuna suchedwa kuzizira. Akuti ana akulira, komanso fodya akudikira manja, nyengo ya msika yayandikira. Manja ake ati? Limodzi lili m'nsungwi, iwo akuliona.

Za kumpingo sindiwerengera n'komwe. Lamulungu ndinawakokera pambali akulu a mpingo awiri. Anamvetsera mitu ili pansi. Akuti nkhaniyi adzaikamba pamsonkhano wa akulu kutha kwa mwezi, pakali pano mlongo wathu apirire, banja ndi kupirira. Anatipempherera. Malata a tchalitchi cha kwawo kwa Lameki anagula ndani, inu mungoganiza.

Masiku onsewa Esinati sankadya. Ankangokhala pakhonde kuyang'ana kumapiri kumene kunali ana ake. Uthenga unafika kudzera kwa mayi wina wogulitsa tomato, akuti Lameki wati ngati sabwera, ana awaiwale. Ndinamuuza kuti usapite. Ndinati latsala khomo limodzi, khoti. Khoti ndilo lingamuitane Lameki, limuletse kukugwira, likupatse ana ako.

Lolemba linalo tinalawirira wapansi kukhoti la m'dera la Lameki, maola atatu kukwera ndi kutsika. Tinapeza chitseko chili chokhoma. Akuti onse apita kukalandira mlendo wa chipani. Pamsewu panaima lole yonyamula amayi okavina, atavala nsalu zofanana, akuimba kuti amayi m'dziko muno tili ndi nkhoswe yaikulu, palibe wotiopseza. Mayi wina wotsogolera anatikuwira kuti, "Inu awirinu simukwera?" Ndinamuonetsa dzanja la Esinati. Akuti kuvina savinira manja. Tinapulumuka chifukwa lole inadzadza.

Lachiwiri tinabwereranso. 8 koloko tinali pakhomo.

Apa ndiye mumvetsere bwino. Kalaliki wa khoti limenelo anali munthu waulemu. Malaya oyera, tayi, tsitsi lopesa bwino. Mwa anthu onse amene tinakumana nawo, ndi yekhayo amene anati khalani pabenchi apa. Ndi yekhayo amene anayang'ana nkhope ya Esinati, n'kupukusa mutu, n'kunena kuti, "Pepani kwambiri, mayi." Misozi inalengeza m'maso mwanga. Ndinati Mulungu wamva.

Ndinafotokoza zonse, za chipatala, za polisi, za a Jailosi. Akuti musadandaule, nkhoswe ikatchona khoti limatha kumva mlandu. Anatenga pepala, n'kulemba ndi dzanja lokongola. Chisamani, kalata yomuitanira Lameki kukhoti, kuti aonekere Lachisanu la sabata yotsatira, 9 koloko m'mawa. Anapumira pachidindo, n'kudinda. Ine mtima unakhala pansi, ndinamufinya Esinati bondo.

Kenako kalaliki uja anapinda chisamani chija bwinobwino, n'kumupatsa Esinati.

"Mukawapatse m'manja mwawo. Asayine pansipa. Mung'ambe kachidutswa aka, mubwere nako tsiku la mlandu."

Ndinayesa ngati sindinamve. Ndinati bwana, akapereke ndani?

"Eni dandaulo. Mesenjala wathu njinga yake inatha matayala, uno ndi mwezi wachitatu. Tinalembera ku boma, sanayankhe. Ndiye eni milandu akumapereka okha."

"Akapereke kwa munthu amene wamuthyola dzanjayo?"

"Si amuna awo? Kumene amakhala akukudziwa." Anamwetulira, osati mwachipongwe ayi, mwaulemu weniweni.

Ndinati ndipatseni ine, ndikapereka ndine. Akuti sizingatheke, inu simuli mumlandu. Wopereka akhale mesenjala kapena mwini dandaulo, apo ayi tsiku la mlandu woitanidwayo akhoza kukana kuti sanalandire, chisamani n'kufa. Ndinaloza panja. Mesenjalayo anali pakhonde, bambo wamphamvu zake, akusewera bawo ndi mlonda. Miyendo iwiri yathanzi. Kuchoka pakhoti kufika kwa Lameki sunali ulendo woposa ola limodzi ndi theka. Ife tinayenda maola atatu, mmodzi ali ndi fupa lothyoka. Ndinafunsa ngati mesenjala wa boma amaletsedwa kuyenda wapansi. Akuti ntchito yake inalembedwa kuti ndi ya panjinga.

Tsopano ndinene za ine, chifukwa ndikangonena za iwo okha ndikhala wabodza.

Pobwerera, titakhala pamwala kuti tipume, Esinati anatulutsa chisamani chija, n'kumachiyang'ana. Iye sukulu analekera Sitandade 4. Anati, "Achemwali, akandimaliza."

Ndinamukalipira. Ine, mwana wa sukulu ya mishoni, wa satifiketi ya uphunzitsi, amene ndinakula ndikukhulupirira kuti chilichonse cholembedwa ndi kudindidwa chili ndi mphamvu. Ndinati, "Iwe, taona chidindo ichi. Ili ndi boma. Lameki ndi wolimba pa iwe wekha, boma amaliopa ngati moto. Akangoona ichi manja amugwa. Upite masana, anthu ali m'chigafa, umupatse pamaso pa onse. Uwaone ana, ubwerere dzuwa lisanalowe."

"Tipite tonse," anatero.

Mawa lake, Lachitatu, kunkabwera oyendera sukulu. Ahedi anali atandichenjeza kale kuti masiku amene ndajomba akwana, ndikajombanso alemba lipoti. Ndinamuuza Esinati kuti sindingathe. Ndinati tidikire Loweruka, iye anati akagona masiku ena atatu osaona ana apenga. Sindinamuletse mwamphamvu. Ndinatenga chikuto cha kope, n'kuikamo chisamani kuti chisakwinyike. Ndinasamala pepala, anthu inu. M'mawa mwake ndinamuperekeza mpaka pamsewu, n'kubwerera kukafufuta bolodi.

Zimene zinachitika kumeneko anandiuza ndi Nankhoma, mayi wina amene ankagwira ganyu yosankha fodya kwa Lameki. Akuti Esinati anafika cha m'ma 2 koloko masana. Anthu anali m'chigafa, asanu ndi awiri. Anagwada patsogolo pa mwamuna wake, n'kupereka chisamani ndi dzanja lake labwinolo. Lameki anawerenga kawiri. Anatulutsa cholembera m'thumba, n'kusayina. Anang'amba yekha kachidutswa kaja, n'kumubwezera.

"Zikomo, amake Rozina," anatero. "Lowani m'nyumba muone ana."

Anamulola kuwanyamula pang'ono. Kenako anawatumiza kwa agogo awo, n'kutseka chitseko, n'kukweza wailesi mpaka pamapeto.

M'chigafa anthu anapitiriza kusankha fodya. Nankhoma anandiuza akulira kuti onse ankamva, wailesi sinabise kanthu, koma aliyense anaweramira masamba ake. Lameki atatuluka n'kupita kudimba ngati palibe chachitika, ndi pamene Nankhoma ndi amuna ake anathamangira m'nyumba. Anamanga ng'ombe pangolo ya Lameki yemweyo, osapempha, n'kumutengera kumsewu waukulu, komwe lole ina inawanyamula mpaka kuchipatala chachikulu.

Ine uthenga unandipeza Lachinayi ndili m'kalasi. Oyendera sukulu aja anali atandiyamikira dzulo lake kuti kalasi yanga ndi yaukhondo.

Ndipo tamvani izi. Kuchipatala chachikuluko palibe amene anafunsa kalata ya apolisi. Palibe amene anafunsa khadi. Anamulandira mothamanga. Kani njira yolowera popanda kalata inalipo, yofika utagona chagada, osalankhula. Bwanji sanatiuze tsiku loyamba lija?

Nthiti ziwiri zinathyoka. Dzanja lija linathyokanso pomwe paja. Diso lamanzere analephera kulipulumutsa. Namwino wina anandipatsa chitenje chake chamagazi, akuti pamfundo pali kanthu. Ndinamasula. Kachidutswa kaja, kosayinidwa bwinobwino. Pomenyedwa ponsepo anakasunga, chifukwa kalaliki anati abwere nako, chifukwa achemwali ake ophunzira anati ili ndi boma.

Apolisi sanabwere kuchipatala. Palibe amene anawaitana, ndipo ine miyendo yobwerera pakauntala paja ndinalibe.

Lachisanu la mlandu ndinajomba osapempha. Ndinafika pakhoti isanakwane 9 koloko. Lameki anali kale pabenchi, atavala suti, nsapato zopolisha. Pambali pake a Zakeyu. Kani nkhoswe imodzi imakhala pansi ikafuna.

Tcheyamani wa khoti analowa, tonse tinaima. Mesenjala uja anapita pakhomo, n'kukuwira panja kumene kunalibe munthu.

"Esinati! Esinati! Esinati!"

Ndinaimirira. Ndinati bwana, Esinati ali m'chipatala.

"Inu ndinu Esinati?"

"Ayi bwana, ndine mkulu wake. Wagonekedwa. Amene wamugonekayo ndi uyu wakhala apayu. Anamumenya tsiku limene anakapereka chisamani chanu."

"Kalata ya kuchipatala muli nayo?"

Ndinalibe. Ndinali nditaipempha, koma anati kalata ya munthu womenyedwa amalemba pa fomu yochokera kupolisi. Ndinayamba kufotokoza zimenezo. Tcheyamani anakweza dzanja. Akuti khoti silimva munthu amene sali mumlandu, khalani pansi. Anatembenukira kwa kalaliki.

"Woitanidwa wabwera?"

"Wabwera, bwana."

"Wodandaula?"

"Sanabwere, bwana."

"Mlandu wathetsedwa. Wotsatira."

Ine poitana maina a ana m'kalasi ndinkatenga nthawi yaitali kuposa pamenepo. Wotsatira unali mlandu wa mbuzi yodya chimanga cha eni, ndipo umenewo anaukamba mpaka masana.

Panja Lameki anandipatsa moni ndi manja awiri. "Mlamu, mukawapatse moni odwalawo." Sindinamulavulire. Mpaka pano sindidziwa chifukwa chake.

Ndinadikira mpaka khoti litaweruka. Ndinalowa mu ofesi ya kalaliki, n'kuika kachidutswa kaja patebulo pake, madontho a magazi ali pomwepo. Ndinati nako kapepala kanu, munati tibwere nako. Anakayang'ana, n'kundiyang'ana. Nkhope yake inagwa, ndipo ndikhulupirira kuti chisoni chinali chenicheni.

"Pepani kwambiri, mayi. Zoterezi sizifunika." Anaika kachidutswa kaja pambali. "Koma musataye mtima. Akachira abwere, tidzatsegula mlandu wina. Ndidzalemba chisamani china, ine sindivuta."

Ndinafunsa kuti adzapereka ndani.

Anayang'ana pawindo, kumene njinga ija inatsamira khoma.

"Matayala aja sanabwerebe," anatero.

Esinati sanabwererenso kwa Lameki. Anakhala ndi ine. Ana tinawalandira patatha miyezi, osati ndi khoti ayi. Mayi ake a Lameki omwewo anabwera nawo kumsika tsiku lina, n'kutisiyira mwakachetechete kuseri kwa ogulitsa mbatata. Lameki anakwatira wina chaka chisanathe. Sanagonepo m'chitolokosi ngakhale tsiku limodzi. Atamwalira, pamaliro ake panalankhulidwa zabwino zokhazokha.

Ndikumva kuti masiku ano zinasintha, kuli malamulo oteteza amayi, kuli maofesi oona za nkhanza za m'banja. Ndikuthokoza ngati zili choncho. Koma inu amene muli ndi mng'ono, mwana kapena mnzanu amene akumenyedwa, mverani ine. Musamusiye ayende yekha, ngakhale ulendo umodzi. Akakupatsani pepala, funsani kuti akapereke ndani, ndipo kufikira tsiku la mlandu munthuyu akhala kuti. Asakuyankheni ndi ulemu, akuyankheni ndi dzina la munthu ndi malo. Ntchito ikakutsekerezani, jombani. Ine ndinasankha choko, ndipo zaka zonsezi ndakhala ndikudya mbale imodzi ndi zotsatira zake.

Mafunso anga ndi ambiri. Adokotala aja, dzanja mukanalimanga mukanachotsedwa ntchito? Wapolisi uja, akanakhala mwana wanu mukanatseka buku? A Zakeyu, nkhuku ija inali yoposa munthu? Koma funso limene ndikufuna liyankhidwe si langa.

Madzulo a Lachisanu lomwelo ndinapita kuchipatala. Esinati anali atagona, theka la nkhope lili m'mabandeji. Anandifunsa mmene mlandu wayendera. Ndinafuna kunama, koma ndinalephera. Ndinamuuza zonse, kuti wathetsedwa chifukwa iye sanabwere, kuti kalaliki wati akachira adzalemba chisamani china, akapereke.

Anatsinzina. Ndinayesa wagona. Kenako anatembenuza mutu pang'onopang'ono kuti andione bwino.

"Achemwali, ndatsala ndi diso limodzi. Akufuna ndikapereke limenelinso?"

A kalaliki, ngati muli moyo, kapena ana anu ngati akuwerenga, funso lake ndi limenelo. Muyankheni ndinu.